KUFEŴA KWA MASELO A MAGAZI: M'MENE AKATSWIRI AMAKUYESERA, NDI CHIFUKWA CHAKE MALUNGO SAFUNA KUCHEDWA

Mayi aliyense amene adagulako mapeyala mumsika wa Ndirande kapena wa Bangwe amadziŵa kuti maso okha sakwanira. Amatola peyala, nalikanikiza pang'ono ndi chala chachikulu. Likabonyeka, ndiye kuti lapsa. Likakhala gwaa ngati mwala, amalibweza pamulu. Mayi ameneyu akuchita ntchito imene akatswiri a zaumoyo akhala akuichita kwa zaka zoposa 60, ndiyo kuyesa kufeŵa kapena kulimba kwa chinthu pochikanikiza, pochikoka kapena pochidutsitsa pamalo opanikiza. Kusiyana kwake n'kwakuti akatswiriwo amayesa tinthu ta m'magazi mwathu timene maso sangathe kutiona. Zimene adapeza zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake mwana amene dzana ankaseŵera pabwalo, lero angathe kukomoka ndi malungo.

KODI M'MAGAZI MWATHU MULI CHIYANI?

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. M'magazi, maselo ochuluka koposa ndi ofiira, ndipo ndiwo amapatsa magazi maonekedwe ake. Ntchito yawo ndi kusenza mpweya wabwino wa okosijeni kuchokera m'mapapo ndi kukautula ku ubongo, ku mtima, ku impso ndi ku ziŵalo zina zonse.

Kuti mumvetse kuchepa kwake, taonani kampata ka pakati pa timizere tiŵiri tating'ono ta pa rula ya mwana wa sukulu. Kampata kameneko ndi milimita imodzi. Mukagaŵa milimita m'zigawo 1,000, gawo limodzi limatchedwa maikoromita. Selo lofiira ndi lalikulu maikoromita 7 kapena 8 basi. Maselo 10 atandandikana pamzere angofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo m'kadontho ka magazi kochepa ngati kamchenga muli maselo pafupifupi 5 miliyoni.

Selo lofiira limaoneka ngati chitumbuwa chozungulira chimene mwachikanikiza pakati mbali zonse ziŵiri. Lilibe nthanga yolimba m'kati mwake. Ndi kathumba chabe kodzaza ndi madzi ofiira otchedwa himogulobini, ndipo kunsi kwa khungu lake kuli kaukonde kotanuka kamene kamalibwezera m'chimake likapindika.

Kufeŵa kumeneku si kwachabe ayi. Mitsempha ya magazi ikamatalikira mtima imanka nigaŵikana, monga msewu waukulu umene umasanduka timisewu, timisewu n'kusanduka tinjira ta kumunda. Timitsempha totsiriza n'tating'ono kuposa selo lenilenilo, tina maikoromita 5 kapena kucheperapo. Tsono selo liyenera kudzipinda, kutalika, kudutsa, kenaka n'kubwerera m'chimake, ndipo limachita zimenezi usana ndi usiku kwa masiku 120 a moyo wake. Mayeso aakulu ali m'kapamba, chiŵalo chija chili kumanzere kunsi kwa nthiti. M'menemo muli timing'alu tosafika maikoromita 2. Selo lofeŵa limadutsa, koma lokalamba kapena lodwala, limene layamba kulimba, limakodwa ndi kuphwanyidwa. Kapamba ndiye sefa wa magazi athu.

MALUNGO AMACHITA CHIYANI M'SELO?

Udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi ukaluma munthu, umasiya tizirombo ta malungo. Kuno ku Malaŵi kachirombo kofala, kamenenso kamapha, ndi kotchedwa Plasmodium falciparum. Poyamba kamakabisala m'chiŵindi pafupifupi sabata imodzi, kenaka kamatuluka kataswana, n'kuloŵa m'maselo ofiira. M'kati mwa selo kachirombo kamakhala maola 48. Kamadya himogulobini, kamakula, ndipo kamasandutsa selolo nyumba yake: kamalimbitsa kaukonde kaja ndi kumeretsa timatuza tomata pakhungu la selo. Pomaliza selo limaphulika, tiana ta kachirombo tofika 16 kapena kupitirira n'kumwazika kukaloŵa m'maselo ena.

Kalekale, m'zaka za m'ma 1890, madokotala aŵiri a ku Italy, Marchiafava ndi Bignami, adaona kuti timitsempha ta mu ubongo wa anthu ofa ndi malungo tidali todzaza ndi maselo okhala ndi tizirombo. Koma mafunso adatsala. Kodi maselowo amakakamira bwanji m'menemo? Kodi amalimba motani, nanga amamata ndi mphamvu yotani? Chala cha munthu sichingakanikize chinthu chochepa chotero. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pang'onopang'ono akatswiri adapeza njira zingapo.

NJIRA ZISANU NDI IMODZI ZOYESERA

Njira yoyamba ndi kusefa. Mayi akamasefa ufa, wosalala umagwa pansi, misere n'kutsala pamwamba. Akatswiri nawo amatenga kasefa kokhala ndi timaboo ta maikoromita 5, nathirapo magazi, n'kuona kufulumira kwake podutsa. Mu 1971 Louis Miller ndi anzake ku America adayesa motero magazi a anyani odwala malungo, ndipo adapeza kuti maselo okhala ndi tizirombo tokula amavutika kudutsa. Mu 2011 akatswiri a ku Paris, pamodzi ndi Pierre Buffet, adapanga sefa wotsanzira kapamba. Adaunjika timipira tachitsulo ting'onoting'ono, nadutsitsa magazi m'mipata yake. Maselo abwino adadutsa, odwala ambiri adatsalira.

Njira yachiŵiri ndi kuyamwa ndi kapaipi ka galasi. Katswiri amasungunula galasi nalikoka mpaka kukamwa kwake kutachepa kuposa selo. Akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu, amagunditsa kapaipiko pa selo limodzi ndi kuyamwa pang'ono kwambiri, monga mwana woyamwa madzi ndi kabango. Khungu la selo lofeŵa limaloŵa patali m'kapaipi, la selo lolimba limangosuzumira. Rand ndi Burton a ku Canada adayesa maselo ofiira mwa njira imeneyi mu 1964, ndipo mu 1989 Gerard Nash ndi anzake ku London adasonyeza nayo kuti khungu la selo limalimba kachirombo ka falciparum kakamakula.

Njira yachitatu ndi kupukusa ndi kuunika. Magazi amasakanizidwa ndi madzi onanda ngati uchi, naikidwa pakati pa makapu aŵiri, lina m'kati mwa linzake. Kapu imodzi ikamazungulira, maselo ofeŵa amakokeka natalika ngati dzira, koma olimba amakhalabe ozungulira. Kuŵala kwamphamvu kotchedwa laser kumadutsa m'magazimo, ndipo chithunzi chake chimasonyeza kutalika kwa maselo zikwizikwi nthaŵi imodzi. Dokotala Arjen Dondorp adagwiritsa ntchito makina otere kwa odwala achikulire ku Thailand mu 1997, ndiponso kwa ana ku Kilifi m'dziko la Kenya mu 2002. Zimene adapeza zidali zodabwitsa. Malungo akakula, ngakhale maselo opanda kachirombo amalimba, ndipo odwala amene maselo awo adalimba koposa ndiwo ankamwalira kaŵirikaŵiri. Ana amene adawonjezeredwa magazi, kufeŵa kwa maselo awo kudayamba kubwerera. Apa m'pamene tikumvetsa chifukwa chake mwana wodwala malungo magazi amamuthera msanga: kapamba amakola ndi kuphwanya maselo onse olimba, odwala ndi osadwala omwe, ndipo pogwira ntchito yaikuluyo iye mwini amatupa.

Njira yachinayi ndi kukoka ndi kuŵala. Mu 1986 Arthur Ashkin wa ku America adasonyeza kuti kuŵala kwa laser kukalunjikitsidwa pamalo amodzi kungathe kugwira kanthu kakang'ono monga chopanira. Chifukwa cha ntchito imeneyi adalandira mphoto ya Nobel mu 2018, ali ndi zaka 96. Akatswiri amamata timikanda tiŵiri ta galasi kumbali ziŵiri za selo, kamodzi amakakhazikitsa, kenako amakakoka ndi kuŵala, n'kuyesa kutanuka kwa selolo. Mu 2005 Subra Suresh ndi anzake a ku America ndi ku Singapore adalengeza kuti selo lokhala ndi kachirombo kokhwima lingathe kulimba mpaka kakhumi kuposa selo labwino.

Njira yachisanu ndi kupanga timitsempha totsanzira. Mu 2003 akatswiri a ku Seattle adaumba tingalande m'mphira woonekera, ta maikoromita 8, 6, 4 ndi 2, nayendetsamo maselo. Maselo abwino adadzipinda nadutsa ngakhale m'kangalande ka maikoromita 2. Okhala ndi kachirombo kongoloŵa kumene adadutsanso. Koma okhala ndi kachirombo kokhwima adatseka ngakhale kangalande ka maikoromita 6, monga zinyalala zimatsekera ngalande za madzi nthaŵi ya dzinja.

Njira yachisanu ndi chimodzi ndiyo ifanana kwambiri ndi chala cha mayi wa pamsika uja. Mu 1986 Binnig, Quate ndi Gerber adapanga makina okhala ndi kasingano kosongoka kwambiri komangidwa kunsonga kwa kamkono kopindika. Kasingano kakakanikiza selo, kamkono kamapindika, ndipo kupindikako kumasonyeza ngati selolo ndi lofeŵa kapena lolimba. Kasingano komweko kakamayenda pamwamba pa selo, kamafufuza ndi kujambula timatuza tija timene malungo amameretsa.

ZIMENE ZIDAPEZEKA KU GULUPU

Ana odwala kwambiri ochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri ndi m'midzi yozungulira Blantyre amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu. Pachipatala chimenechi padachitika ntchito imene dziko lonse lapansi lidaphunzirapo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a kuno kwathu, adayamba kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Mu 1989 adalengeza muyeso wa kukomoka kwa mwana umene umatchedwa ndi dzina la mzindawu, Blantyre Coma Score. Dokotala amaona zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akuyendetsa dzanja akamva kuŵaŵa, ndiponso kaliridwe kake. Mwana wotsitsimuka bwino amapeza 5, wokomoka kotheratu amapeza 0.

Mu 1993 dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake adafotokoza zimene adaona atayang'ana m'kati mwa diso la ana okomoka pachipatala chomwecho. Kumbuyo kwa diso ndiwo malo amene munthu angaone timitsempha ting'onoting'ono popanda kung'amba thupi, ndipo timitsempha take timafanana ndi ta mu ubongo. Mwa ana a malungo a mu ubongo mumaoneka madontho oyera pamene magazi sakufika, timitsempha tosintha maonekedwe, ndi timadontho ta magazi otayikira. Zimene akatswiri adaona m'tingalande ta mphira, madokotala a ku Gulupu ankaziona m'maso mwa ana amoyo.

Makolo ena otaya ana adalola, mu chisoni chawo, kuti madokotala afufuze chimene chidapha anawo. Zotsatira zake zidatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti adafa ndi malungo a mu ubongo, 7 adapezeka kuti adafa ndi matenda ena, ndipo kuyang'ana m'diso ndiko kudali chizindikiro chabwino koposa chosiyanitsira magulu aŵiriwo. Mu 2008 ku Gulupu kudafika makina ojambula ubongo otchedwa MRI, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi anzake adalengeza za ana 168 amene adajambulidwa. Mwa ana 25 amene adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chigaza chimene sichitanuka, umapanikiza malo olamulira kupuma.

Nanga mphamvu ya kumata? Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, yomwe ili pafupi ndi Gulupu, pamodzi ndi anzawo a ku Liverpool, adayesa zimenezi ndi tizirombo tochokera m'magazi a ana ogonekedwa pachipatalapo. Adayala pansi pa tingalande maselo a mtundu umene umakuta m'kati mwa mitsempha, nayendetsa pamwamba pake maselo odwala ndi liŵiro lofanana ndi la magazi m'timitsempha, n'kuŵerenga amene adakakamira osakokoloka. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2019, zidasonyeza kuti tizirombo ta ana a malungo a mu ubongo timamatitsa maselo kwambiri pa maselo a mitsempha ya mu ubongo kuposa ta ana a malungo wamba.

Tsopano nkhani yonse yalumikizana. Kachirombo kakamakula, selo limalimba. Selo lolimba likafika m'kapamba liphwanyidwa pamodzi ndi kachirombo kake. Choncho kachirombo kamamata selolo kukhoma la mtsempha kuti lisafike m'kapamba. Maselo omata akachuluka, njira imachepa; maselo ena amene alimbanso amalephera kudzipinda kuti adutse; mpweya wabwino sufika mokwanira ku ubongo ndi ku ziŵalo zina.

CHIFUKWA CHAKE TSIKU LOYAMBA NDI LOFUNIKA

Pa maola 48 amene kachirombo kamakhala m'selo, pafupifupi tsiku loyamba kamakhala kakang'ono, ndipo selo limayendabe m'magazi lisanamate. Mankhwala a LA, amene Boma lidayamba kupereka m'zipatala mu 2007, ali ndi mphamvu yopha tizirombo tidakali tating'ono chotero. Jekeseni wa artesunate, amene amaperekedwa kwa odwala kwambiri, amachitanso chimodzimodzi. Mu 2010 kafukufuku wa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, adasonyeza kuti mwa ana olandira artesunate omwalira adali ochepa kuposa mwa olandira kwinini. Kachirombo kakang'ono kakafa, kapamba amatha kukazula m'selo, selolo n'kubwerera kukagwira ntchito. Koma kachirombo kakakhwima n'kumata, ngakhale mankhwala atakapha, timitsempha sititseguka tsiku lomwelo. Madzi akatayika saoleka. Tsiku lililonse limene mwana akhala kunyumba thupi likutentha, maselo olimba ndi omata akuchulukirachulukira.

MATENDA ENA OLIMBITSA MASELO

Njira zomwezi zathandiza kumvetsa matenda otchedwa sickle cell, amene dokotala James Herrick wa ku Chicago adawafotokoza mu 1910. Mwana wa matendaŵa amabadwa ndi himogulobini wosiyana. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, himogulobini ameneyu amaundana ngati tindodo, selo n'kupindika ngati chikwakwa ndi kulimba. Maselo otere amatseka timitsempha, ndipo mwana amamva kuŵaŵa koopsa m'mafupa, amatupa manja ndi mapazi, maso amachita chikasu, magazi amachepa kaŵirikaŵiri. Selo lake limakhala masiku 10 kapena 20 okha m'malo mwa 120. Matendaŵa amachokera kwa makolo onse aŵiri, bambo ndi mayi, amene iwo eni angathe kukhala athanzi. Si ufiti, ndipo si mlandu wa mayi yekha. Mwana wotere afunika kuyezedwa magazi, kutetezedwa ku malungo, kumwa madzi ambiri, kufunditsidwa kukazizira, ndi kupita kuchipatala pa masiku amene adamuuza.

ZOYENERA KUCHITA MAKOLO

Makina amene tawatchulaŵa simudzawapeza pachipatala cha kwanu, ndipo safunika kuti mwana wanu achire. Ntchito yawo idali kutidziŵitsa zimene zimachitika m'magazi. Zotsala zili m'manja mwa inu makolo.

1. Mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, pasanathe maola 24, kuti akamuyeze magazi a pachala.

2. Akapatsidwa LA, amwe kaŵiri pa tsiku kwa masiku 3 mpaka mankhwala onse atatha, ngakhale aoneke kuti wachira. Mankhwalaŵa amagwira bwino ntchito mwana akadya kapena kuyamwa. Musagaŵireko mwana wina.

3. Thamangani usiku womwewo, osadikira kuti kuche, mukaona chimodzi mwa izi: mwana akugwedezeka thupi ngati wa khunyu, sakutsitsimuka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akupuma movutika, kapena sangathe kukhala tsonga.

4. Yang'anani m'zikhatho, pa lilime ndi m'kati mwa zikope. Mukaona kuti mwayera, magazi achepa. Madokotala akanena kuti mwana awonjezeredwe magazi, dziŵani kuti akumupatsa maselo ofeŵa amene angadutse m'timitsempha ndi kufikitsa mpweya ku ubongo. Inu achikulire athanzi, kupereka magazi ndiko kupulumutsa ana otere.

5. Kapamba akatupa, musateme mphini pamimba pa mwana. Kapamba watupa chifukwa akusefa maselo olimba, ndipo mphini ingotayitsa magazi amene ndi ochepa kale ndi kuloŵetsa matenda ena. Chofunika ndi kuchiza chimene chamutupitsa.

6. Gonani m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse, makamaka ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Amayi oyembekezera amwe mankhwala oteteza malungo amene amaperekedwa kusikelo. Kwirirani maenje osunga madzi pafupi ndi nyumba, monga aja otsala poumba njerwa.

7. Mu Epulo 2019 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo. Funsani anamwino ngati katemerayu akuperekedwa kwanuko. Mwana wolandira katemera ayenera kugonabe m'masikito.

Tsiku lina mukadzakanikiza peyala pamsika, dzakumbukireni maselo a m'magazi a mwana wanu. Moyo wake udalira kufeŵa kwa tinthu timene inu simungatione, ndipo malungo amayamba kutilimbitsa mwana asanafooke n'komwe. Musadikire kuti akomoke. Thupi likangotentha, m'berekeni, nyamukani.